Mafunso Anu: Pampu ya Thanki Yaing'ono ya Makorali

Makalata amene tasankha mwezi uno onse akunena za pampu ya m'thanki ya madzi amchere. Ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndapeza thanki yagalasi ya masentimita 60 mulitali, 30 mulifupi ndi 35 msinkhu wake. Ndikufuna kuikamo madzi amchere, miyala, tinsomba tiwiri ndi makorali angapo. Pamabokosi a mapampu ndikuona manambala monga 600, 2000 ndi 4000. Ndigule iti, nanga imodzi ikwana?

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi masamu. Chulukitsani 60 ndi 30 ndi 35, kenaka mugawe ndi 1000. Thanki yanu imalowa malita 63. Miyala ndi mchenga zikalowamo madzi enieni atsala cha m'ma 50, koma powerengera pampu tingoti malita 60. Nambala ya pabokosiyo ndi malita amene pampu imakankha pa ola limodzi. Onetsetsani kuti palembedwa L/h. Pakalembedwa GPH ndiye kuti akuwerenga magaloni a ku America, ndipo galoni imodzi ndi malita pafupifupi 3.8, choncho pampu ya 500 GPH ndi ya malita 1900.

Tsono nkhani yagona pa mtundu wa makorali amene mukufuna. Korali ndi nyama ngakhale amaoneka ngati duwa kapena mwala, ndipo sachoka pamene wamera. Chakudya chimamupeza pompo, zonyansa za m'thupi mwake zimachoka pokhapokha madzi atazikokolola. Pakhungu pake pamakhala kagawo kopyapyala ka madzi osayenda, ndipo madzi a m'thanki akamayenda mwaulesi kagawoko kamakula, mpweya n'kumavutika kudutsa. Masana tindere ta m'thupi mwake totchedwa zooxanthellae timatulutsa okosijeni wochuluka amene ayenera kuchotsedwa, pamene usiku korali yemweyo amadalira okosijeni wa m'madzi. Zonsezi ndi ntchito ya pampu.

Oweta makorali amawerengera kuti madzi onse a m'thanki azizungulira kangati pa ola. Makorali ofewa, opanda chigoba cholimba, monga Discosoma ndi ma zoanthid, amakhutira ndi maulendo 10 mpaka 20. Kwa inu amenewo ndi malita 600 mpaka 1200. A chigoba cholimba koma mnofu waukulu, amene amatchedwa LPS, monga Euphyllia, amafuna maulendo 20 mpaka 30. A nthambi okhala ndi mnofu wopyapyala, a SPS monga Acropora ndi Montipora, amafuna maulendo 40, 50 ngakhale kuposapo, kutanthauza malita 2400 mpaka 3000. Manambalawa ndi poyambira chabe. Poti mukungoyamba kumene, ife tikuti yambani ndi ofewa, a SPS ayambe adikira.

Pa funso loti imodzi ikwana, dziwani kuti pali ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yotenga madzi kumene akusefedwa n'kuwabwezera m'thanki. Pampu yake imakankha madzi ochepa koma mwamphamvu, kudzera m'paipi. Yachiwiri ndi yoyendetsa madzi m'thanki momwemo. Imeneyi ndi pampu yamafunde, ena amati wavemaker kapena powerhead. Ili ndi timapiko tonga ta fani, imamatidwa pagalasi ndi maginito, ndipo imakankha madzi ambiri mofatsa, pamalo otakasuka. Kapampu kamafunde ka mawati 5 kangathe kusuntha malita 2000 pa ola, chonsecho kukweza madzi m'paipi sikangathe. Anthu ambiri amalakwa pogula pampu yobwezera yaikulu kuti igwire ntchito zonse ziwiri. Zotsatira zake, madzi amatuluka pakabowo kamodzi ngati muvi, kukhuthula mchenga pamalo amodzi, kwina konse kuli zii.

Pa thanki yanu tengani yobwezera ya malita 300 mpaka 600 ndi yamafunde imodzi yotha kuichepetsa ndi kuiwonjezera, imene mphamvu yake yonse ndi malita 2000 kapena kupitirira pang'ono. Ya 4000 ija isiyeni. Ambiri mwa mapampu otha kuchepetsedwa satsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yawo, ndiye mukagula yaikulu kwambiri idzakhala ikuvutitsabe makorali ngakhale mutaitsitsa mpaka pomalizira. Werenganinso kuti maginito ake amagwira galasi lokhuthala mamilimita angati. Akakhala ofooka pampu imatsetsereka usiku, m'mawa n'kuipeza yaloza pansi, thanki yonse ili mbuu ndi mchenga.

FUNSO: Thanki yanga ndi ya malita 100, ndipo pansi pake m'kabati muli sump, thanki ina yaing'ono yoseferamo madzi. Ndinagula pampu yolembedwa 2000 L/h koma madzi amene akufika pamwamba ndi ochepa kwambiri. Kodi anandigulitsa yakufa?

YANKHO: Ayi achimwene, mwina pampuyo ilibe mlandu. Nambala ya 2000 ndi madzi amene imatulutsa ikakhala kuti sikukweza kalikonse ndipo palibe paipi yolumikizidwa. Yang'anani nambala ina pabokosi lomwelo, yolembedwa H max. Umenewo ndi msinkhu umene madzi amalekeratu kutuluka. Tiyerekeze kuti palembedwa mamita 2.5, ndipo kuchokera pamwamba pa madzi a mu sump kufika pamwamba pa madzi a m'thanki pali mita 1.2. Pamenepo mwataya kale pafupifupi theka. Elibo iliyonse, kolumikizira kokhotetsa paipi, imadyako mphamvu, valavu chimodzimodzi, ndipo paipi yopanikiza ndiye imamaliza. Paipi ya mamilimita 19 ili ndi mpata woposa ya mamilimita 12 kawiri ndi theka. Musachepetse paipi kuposa pakamwa pa pampu. Ngati n'kotheka ikhale yokulirapo, ndipo payipi yofewa yopindika mwapang'onopang'ono imaposa ma elibo atatu. Zonsezi zikaphatikizana, pampu ya 2000 ikhoza kufikitsa malita 600 kapena 700 basi. Makampani odalirika amajambula pabokosi kapena m'kabuku kamzera kosonyeza malita pa msinkhu uliwonse. Kamzerako ndiko koyenera kuwerenga musanatulutse ndalama.

Kuti mudziwe zoona, tengani ndowa ya malita 10 ndi wotchi. Ikani ndowayo pa msinkhu womwewo pamene madzi amatulukira, muwerenge masekondi mpaka idzaze, kenaka mugawe 36000 ndi masekondiwo. Ikadzaza pa masekondi 60, ndiye kuti mukupeza malita 600 pa ola.

Komatu malita 600 pa thanki ya malita 100 si ochepa. Kudzera mu sump mumangofunika maulendo atatu mpaka asanu pa ola, kutanthauza malita 300 mpaka 500. Mukapitirira pamenepo phokoso limachuluka, tithovu ta mpweya timabwerera m'thanki tisanaphulike, ndipo paipi yotsitsa madzi ikalephera kumeza onse, thanki imasefukira. Ngati makorali akuoneka kuti akusowa madzi oyenda, onjezani pampu yamafunde, yobwezerayo muisiye momwemo. Ikakhala kuti yachulukitsa, ikani valavu kumene madzi akutulukira. Musayerekeze kupanikiza kumene madzi akulowera, chifukwa impela, timapiko tozungulira m'kati mwa pampu, imayamba kupanga tithovu tophulika mkati, imalira ngati mwalowa timiyala, n'kuwonongeka msanga.

FUNSO: Kuyambira pamene ndinaika pampu yamafunde, Euphyllia wanga sakutambasukanso ndipo mbali imodzi chigoba choyera chikuonekera. Koma kuseri kwa miyala kwamera ndere zofiira zonanda. Madzi achuluka mphamvu kapena achepa?

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri n'zoona, ndipo vuto ndi pamene pampu yaloza. Chigoba cha Euphyllia chili ndi timipeni takuthwa pansi pa mnofu. Madzi akamamuwomba mbali imodzi usana ndi usiku, mnofu umakanikizidwa pa timipenito n'kung'ambika, ndipo pabala potero matenda salephera kulowa. Msunthireni pamalo odekha lero lomwe. Chizindikiro cha malo abwino ndi ichi: timanja take tizigwedezeka uku ndi uko ngati udzu pa kamphepo kayaziyazi. Tikagonera mbali imodzi osadzukanso, mphamvu yachuluka. Tikangoti lende osagwedezeka, yachepa.

Zofiira za kuseri kwa miyalazo kawirikawiri ndi cyanobacteria, mabakiteriya ooneka ngati ndere. Zimakonda pamene madzi aima ndipo zinyenyeswa za chakudya ndi ndowe za nsomba zaunjikana. Kuti mupeze malo onse otere, tayani tinyenyeswa tochepa ta chakudya cha nsomba m'madzi, inu mukhale pansi n'kumatitsatira ndi maso. Pamene tikukagwa n'kukhazikika, pamenepo ndi pakufa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, musathamangire kugula pampu ina musanachite zimenezi.

Pampu ikhale pagalasi la m'mbali, masentimita 8 mpaka 10 pansi pa madzi, yoloza chokwera pang'ono kuti pamwamba pa madzi pazioneka timafunde. Timafundeto ndito timalowetsa okosijeni ndi kuswa kamafuta kamene kamayandama pamwamba. Ikakwera kwambiri imakoka mpweya n'kumalavula thovu. Madzi ayambe agunda galasi la kutsidya, abwerere atamwazika, ndiye afike pa makorali. Ngati pampu yanu ili ndi kabokosi koyendetsera, sankhani kayendedwe kosinthasintha mphamvu m'malo mwa kokankha mofanana nthawi zonse. Madzi a m'nyanja sayenda njira imodzi. Mapampu awiri aang'ono oyang'anizana amachita bwino kuposa imodzi yaikulu, chifukwa pamene madzi awo akumana pamakhala chipwirikiti chimene makorali amachikonda. Palinso mtundu wautali wonga ndodo, monga Maxspect Gyre, umene umatulutsa madzi mopyapyala koma motakasuka, kuti azungulire thanki yonse. Ndi wabwino, ngakhale m'thanki yaifupi kwambiri umatha kukumba mchenga kumbali imene madzi akutsikira. Siyaninso mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa miyala ndi galasi la kumbuyo. Mukasintha chinthu chimodzi, dikirani masiku awiri kapena atatu musanasinthe china.

FUNSO: Pampu ya AC ndi ya DC zimasiyana bwanji? Ndamvanso kuti pampu imatenthetsa madzi, n'zoona?

YANKHO: N'zoona, bambo. Pampu yomizidwa m'madzi imaziziritsidwa ndi madzi omwewo, ndipo pafupifupi mawati onse amene imadya amathera m'madzimo ngati kutentha. Pampu ya mawati 20 m'malita 60 ikhoza kukweza madzi ndi digiri imodzi pa maola atatu ndi theka kutakhala kuti kutenthako sikukutuluka kwina. Kwina kumatuluka ndithu kudzera pagalasi ndi nthunzi, koma m'chipinda chotentha kale zimenezi n'zokwanira kuchotsa thanki pa madigiri 25 kapena 26, pamene makorali amakhala bwino, n'kuifikitsa pamene amayamba kutaya tindere tawo tija n'kuyera. M'thanki yaing'ono werengani mawati monga momwe mukuwerengera malita. Pakati pa mapampu awiri a malita ofanana, tengani yodya mawati ochepa. Alipo ena, monga VorTech ya EcoTech Marine, amene injini yake imakhala kunja kwa galasi n'kumazunguza timapiko ta mkati ndi maginito. Pamenepo kutentha kwambiri kumatsala kunja, ndipo m'madzi simulowa waya.

Pampu ya AC imalumikizidwa molunjika kusoketi ndipo imazungulira paliwiro limodzi, lotsatira magetsi, kaya 50 Hz kapena 60 Hz. Yopangidwira 60 Hz imayenda pang'onopang'ono pa 50 Hz, ndipo ya mavoti 110 imapsa pa 230, choncho werengani chikwangwani chake. Ubwino wake ndi wakuti ilibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Ya DC ili ndi adaputala yotsitsa magetsi, kawirikawiri kufika pa mavoti 24 kapena 12, ndi kabokosi koyendetsera. Mutha kuichepetsa, imayamba mofatsa, siichita phokoso kwambiri, ndipo ili ndi batani loimitsa madzi kwa mphindi zingapo podyetsa nsomba. Chofooka chake ndi kabokosiko ndi adaputalayo. Nthunzi ya mchere ikazilowa, zatha. Zikhomereni pamalo ouma, kutali ndi sump.

Maganizo athu ndi awa: yamafunde ikhale ya DC, chifukwa mphamvu yoyenera simungaidziwe makorali asanalowe, ndipo akamakula amatchinga madzi, mumayenera kuwonjezera. Yobwezera ikhoza kukhala ya AC popanda vuto.

FUNSO: Ndili ndi kapampu ka kasupe wa pabwalo. Ndingakagwiritse ntchito?

YANKHO: Kamasuleni muone kamtengo kamene impela imazungulirapo. Kakakhala koyera, ka seramiki, ndipo palibe sikuluwu yachitsulo yokhudza madzi, kangagwire. Kakakhala kachitsulo, ngakhale chija amati sichichita dzimbiri, madzi amchere adzakadya. Chilichonse cha kopa kapena bulasi chisayandikire n'komwe, chifukwa kopa wochepa kwambiri amapha makorali, nkhono ndi nyama zina zopanda msana. Pabokosi pakapanda kulembedwa kuti n'koyenera madzi amchere, kasiyeni kukasupe konko.

FUNSO: Pampu yanga yatha miyezi 8. Yayamba phokoso, ndipo ndikaizimitsa siidzuka mpaka nditaigwedeza ndi chala. Ndigule ina?

YANKHO: Musanagule, itsukeni, mayi. M'madzi a makorali muli kashiamu wambiri, ndipo laimu amakonda kumata pamalo ofunda. Malo ofunda kuposa onse m'thanki ndi kampata kapakati pa maginito a impela ndi khoma la pampu. Kampatako n'kochepa kwambiri moti laimu wopyapyala ngati chikhadabo amakwana kugwira impela. Ikakhala ikuzungulira imapitirira movutikira, koma ikaima ilibe mphamvu yoyambiranso. Pampu yotere ndi imene imakhala chete magetsi akabwera inu muli kutali.

Zimitsani, zulani pulagi, tulutsani pampu. Chotsani chivundikiro chakutsogolo, musolole impela molunjika. Kamtengo ka seramiki n'kolimba koma kamathyoka mukakapinda. Samalani timphira tiwiri takumapeto kwake, timasowa msanga, ndipo popanda ito pampu imanjenjemera. Sungunulani magalamu 40 mpaka 50 a citric acid, asidi wa ufa wopezekanso m'mandimu, mu lita imodzi ya madzi ofunda, muviike zonse kwa ola limodzi kapena awiri. Mudzaona tithovu tikutuluka, ameneyo ndi laimu akusungunuka. Tsukani ndi mswachi wakale, makamaka m'dzenje mmene mumalowa maginito, tsukuluzani bwino ndi madzi oyera, bwezerani. Viniga woyera amagwiranso, koma musaviikemo maginito usiku wonse, chifukwa amatha kulowerera pulasitiki yokuta maginitowo. Sopo ayi. Chitani zimenezi miyezi iwiri kapena itatu iliyonse.

Muli pomwepo, yang'anitsitsani maginito, a impela ndiponso omatira pagalasi. Mukaona kuti afufuma, ang'aluka kapena pali kadontho kofiirira ka dzimbiri, atayeni msanga. Maginito ong'aluka amatulutsa zitsulo m'madzi mwakachetechete, makorali n'kumafota mwini wake akuyeza china chilichonse osapeza chifukwa. Mapampu ambiri odziwika, monga a Tunze, Sicce ndi Eheim, impela yake imagulitsidwa payokha, ndipo ichi n'chinthu choyenera kufunsa musanagule pampu iliyonse.

Ngati thanki yanu ndi ya mtundu uja wokhala ndi tizipinda tosefera kumbuyo, onaninso madzi a m'kachipinda ka pampu. Madzi onse ouluka ngati nthunzi amaonekera kuchepa mmenemo, osati m'thanki. Akatsika, pampu imakoka mpweya, imalira, imatentha. Thirani madzi opanda mchere osefedwa bwino tsiku lililonse, poti mchere suuluka.

FUNSO: Ndikufuna kuika anemone, nyama yofewa ya m'nyanja yooneka ngati duwa, kuti nsomba zanga za clownfish zizikhalamo. Pali choopsa ndi pampu?

YANKHO: Chilipo, chachikulu. Anemone amayenda, makamaka usiku, ndipo nthawi zina amangodzimasula n'kuyandama. Akakokedwa ndi pampu yamafunde amadulidwadulidwa, madzi n'kuchita mtambo, ndipo m'thanki yaing'ono zimenezi zikhoza kupha nsomba zonse pofika m'mawa. Vekani pampu iliyonse chotchinga cha siponji ya mabowo akuluakulu kapena ukonde wapulasitiki anemone asanalowe. Chotchingacho chimachepetsako madzi ndipo chimagwira zinyalala, ndiye muzichitsuka sabata iliyonse.

FUNSO: Magetsi atazima, sump inasefukira madzi n'kudzaza pansi. Ndipewe bwanji? Nanga thanki ingakhale nthawi yaitali bwanji pampu isakuyenda?

YANKHO: Bambo, pampu ikaima paipi yobwezera imasanduka mpopi woyamwa. Madzi amatsika nayo kubwerera mu sump mpaka kukamwa kwa paipiyo kutatulukira pamtunda n'kulowa mpweya. Werengani nokha: pa thanki ya masentimita 60 ndi 30, sentimita iliyonse ndi malita 1.8. Paipi ikamira masentimita 6, ndiye kuti malita pafupifupi 11 akupita pansi, kuwonjezera pa amene ali kale m'mapaipi. Kwezani kukamwa kwa paipi kukhale pafupi ndi pamwamba pa madzi, kapena boolani kabowo ka mamilimita 3 pa paipiyo, sentimita imodzi pansi pa madzi, koloza pansi kuti kasamathovukire kunja. Kabowoko kamatsekeka ndi ndere ndi laimu, muzikatokosa. Valavu yoletsa madzi kubwerera musaidalire. Kankhono kamodzi kapena kamchenga kakakhala pakamwa pake, siitsekanso. Chitetezo chenicheni ndi mpata wopanda madzi mu sump. Zimitsani pampu dala inu muli pomwepo ndi ndowa m'manja, dikirani mpaka madzi aleke kutsika, muone ngati akwana. Mukatero lembani mzera pa sump wosonyeza polekezera pothira madzi pampu ikuyenda. Madzi akatayika saoleka, ndipo amchere akafika pa mapulagi ndi ngozi ina. Waya aliyense azitsika kaye pansi pa soketi kenaka n'kukwera, kuti dontho lotsetsereka pa waya ligwere pansi. Soketiyo ikhale yotetezedwa ndi RCD ya 30 mA, chida chodula magetsi chokha akayamba kuthawira kwina, imene ena amaitcha GFCI.

Pa funso lachiwiri, chimene chimayamba kutha ndi okosijeni. Kuwala makorali angapirire masiku angapo osakuona. Pa madigiri 25, lita ya madzi a m'nyanja imasunga okosijeni wosafika mamiligalamu 7, pamene madzi opanda mchere amasunga woposa 8. Nsomba, makorali ndi mabakiteriya a m'miyala onse akupuma yemweyo. M'thanki yodzaza nsomba mavuto angayambe pa maola ochepa, ndipo mudzaona nsomba zikupumira m'mwamba pafupi ndi pamwamba pa madzi. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire, makamaka kamene kamadziyatsa kokha magetsi akazima, n'kokwanira kupulumutsa thanki yaing'ono. Mapampu ena amafunde a DC amalola kulumikizidwa ku batire, ndipo poti amadya mawati ochepa amayenda maola ambiri. Lumikizani yamafundeyo, osati yobwezera kapena hita. Zonsezi zikasowa, tungani madzi a m'thanki ndi jagi, muwathire kuchokera m'mwamba kangapo, ndipo muzibwereza mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Nsomba musazidyetse mpaka pampu itayambanso kuyenda.